Atchete achedwa kuluka zisa: kodi mbalame zasokonezeka ndi nyengo?

Mphunzitsi wina wa ku Machinga walemba kuti: "Ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe pa sukulu yathu ya pulayimale. Kuseri kwa kalasi kuli mtengo wa mthethe umene atchete amalukamo zisa chaka ndi chaka. Kale tinkadziwa kuti tikamayandikira mayeso a teremu yoyamba phokoso lawo limakhala litayamba kale. Zaka zitatu zapitazi zinthu zasintha. Chaka china anachedwa mpaka Januwale, chaka china analuka zisa zambirimbiri n'kungozisiya zopanda mazira. Anamzeze nawonso ana akuti sakuwaona pa nthawi yake. Mwana wina anandifunsa ngati mbalame zasokonezeka mutu ndi kusintha kwa nyengo, komanso ngati zidzatha. Ndinangomuuza kuti ndikafunsa kaye."

Aphunzitsi, munachita bwino kumuyankha choncho mwanayo, ndipo mukamuuze kuti funso lakelo akuluakulu a sayansi akhala akulimbana nalo zaka zoposa 30. Koma poyamba mtima m'malo. Atchete anuwo sanapenge, ndipo si mbalame yoti ingathe mawa kapena mkuja.

Tiyambe ndi zisa zosiyidwazo, poti n'zimene zimadetsa nkhawa anthu ambiri. Mmisiri wa chisa ndi tchete wamwamuna. Amatera pa tsamba la nsenjere kapena la bango, kuliluma m'mbali, n'kuuluka nalo likung'ambika ngati luzi. Amayamba ndi kamkombero, kenako chipinda, khomo n'kuloza pansi. Akamaliza amalendewera chadodolido kunsi kwake, akukupiza mapiko ndi kulongolola, kuitana wamkazi. Wamkazi akabwera amalowa, kukokakoka udzu ndi mlomo monga amachitira mayi poyesa nsalu pa msika, ndipo akapanda kukhutira amangouluka osatsanzika. Chisa chija chikayamba kuuma, mwini wake amachiphwasula yekha n'kuyamba china chobiriwira. Ndakhala pansi pa mitengo yotere masiku osawerengeka, ndipo mwamuna mmodzi amaluka zisa zingapo dzinja limodzi, zambiri mwa izo zosalowamo dzira n'limodzi lomwe. Choncho chisa chopanda kanthu pachokha si chizindikiro cha tsoka. Chimene chingandiimitse ine ndi mudzi wonse wa atchete kusamuka pakati pa ntchito, ndipo zimenezo zimachitika kawirikawiri mvula yoyamba ikagwa bwino kenako n'kubwera ng'amba ya masabata awiri kapena atatu.

Mbalame ilibe kalendala, koma ili ndi vuto limodzi loti ilithetse chaka chilichonse: ana ake atuluke m'mazira nthawi imene chakudya chachuluka. Ngakhale mbalame zimene zikakula zimadya njere, zambiri zimalera ana awo ndi mbozi, ziwala ndi tizilombo tina tofewa, chifukwa mwana sangakule msanga ndi njere zokha. Tsono taonani kuvuta kwake. Tchete amafungatira mazira pafupifupi masabata awiri, ana n'kukhala m'chisa masabata ena awiri ndi theka kapena atatu. Ndiye kuti tsiku limene wamkazi akuikira dzira loyamba, akubetcha pa chakudya chimene chidzakhalepo masabata atatu kapena anayi m'tsogolo. Sakuchiona, akungowerenga zizindikiro: kutalika kwa usana, kutentha, kubiriwira kwa udzu, mvula. Kwa zaka zikwizikwi zizindikirozi zinkanena zoona. Kusintha kwa nyengo kukuchititsa kuti chizindikiro chiloze kwina, chakudya n'kubwera nthawi ina.

Kumene nkhaniyi inafufuzidwa mozama ndi ku Ulaya, chifukwa kumeneko anthu akhala akulemba tsiku la dzira loyamba kwa mibadwo. M'nkhalango ya Wytham, kufupi ndi Oxford ku England, anayamba mu 1947 kutsatira kambalame kotchedwa great tit, kakang'ono ngati mpheta, kachikasu pamimba, kamene sikasamuka chaka chonse. Kamalera ana ake ndi mbozi zimene zimadya masamba anthete a mitengo ya oak chisanu chikangotha, ndipo mbozizo zimachuluka kwa masabata ochepa chabe zisanatsikire m'nthaka. Pamene nyengo yophukira mitengo inayamba kufunda msanga, masamba anayamba kutuluka msanga, mbozi nazonso chimodzimodzi. Ku Wytham timbalameti tinatsatira: pakati pa 1961 ndi 2007 tinafulumiza kuikira ndi masiku pafupifupi 14, mofanana ndi mbozi zija. Ku Britain konse, kafukufuku amene anatuluka mu 1997 anapeza kuti mitundu 20 mwa 65 imene anaiunika inali itayamba kuikira msanga ndi masiku pafupifupi 9 pakati pa 1971 ndi 1995.

Koma ku Netherlands, m'nkhalango ya Hoge Veluwe, kambalame komweko kanalephera kuthamanga nawo. Wofufuza wina dzina lake Marcel Visser ndi anzake anasonyeza mu 1998 kuti mbozi zinali zitafulumira koma mbalame zinkaikirabe nthawi yakale ija, ana n'kumafika pa njala yawo yaikulu mbozi zitapita kale. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Masabata amene mbalame imagamula zoyamba kuikira sanafunde kwenikweni; amene anafunda ndi masabata otsatira, omwe mbozi zimakulira. Mbalame inawerenga bwino chizindikiro chake, koma chizindikirocho chinali chitasiya kugwirizana ndi chakudya.

Tsono ngati mbalame yokhala pompo, yoona mtengo ukuphuka ndi maso ake, ikuphonya chotere, nanga mlendo wochokera kutali? Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa mbalame zokhazikika ndi zosamukasamuka. Pali kambalame kakuda ndi koyera kotchedwa pied flycatcher, kamene kamaswera ku Ulaya koma kamathawira chisanu kumadzulo kwa Africa, kutsidya lino la chipululu cha Sahara. Kali kumeneko sikangadziwe ngati ku Netherlands mitengo yaphuka. Kamanyamuka potsatira wotchi ya m'thupi mwake ndi kutalika kwa usana, zinthu zimene kutentha kwa dziko sikuzisintha. Pakati pa 1980 ndi 2000 tsiku lofika silinasinthe kwenikweni, koma timbalameti tinayesetsa kufulumiza kuikira ndi masiku pafupifupi 10, pongodula nthawi yopuma titafika. Sizinakwane. Wofufuza wina dzina lake Christiaan Both ndi anzake analemba mu 2006 kuti m'nkhalango zimene mbozi zimafulumira kwambiri, chiwerengero cha timbalameti chinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse m'zaka zosakwana 20, pamene m'nkhalango zimene mbozi zimachedwerako chinangotsika pang'ono. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Wokhazikika amayamba mpikisano ali pamzere, wosamukayo ali kuseri kwa chipululu ndi nyanja. Ndiye pali nkhanza ina yowonjezera: mitundu iwiriyi imalimbirana mphako zomwezo, ndipo flycatcher akalowa m'mphako yomwe great tit wakhazikamo kale, nthawi zina amajomphedwa mpaka kufera momwemo.

Ndisakusiyeni ndi mbali yoopsa yokha. Ku Hoge Veluwe kuja, ngakhale ana ambiri ankakula movutikira, chiwerengero cha great tit sichinagwe. Ana akachepa, otsalawo sankalimbirana chakudya kwambiri, ndiye ambiri mwa iwo ankapulumuka. Mbalame zinanso zasintha ulendo weniweniwo. Adokowe oyera ambiri a ku Spain ndi Portugal, amene kale ankaoloka kubwera ku Africa, masiku ano amangokhala konko chaka chonse, akudya ku mitaya ya zinyalala. Sindikunena kuti ndi moyo wosiririka, koma zikusonyeza kuti mbalame si mwala.

Tsopano tibwerere pa mthethe wanu, chifukwa nkhani ya ku Ulayayi sitingangoinyamula n'kuikhazika ku Machinga. Kumeneko usana umachoka pa maola 8 m'nyengo yachisanu kufika oposa 16, ndipo wotchi yaikulu ndi kufunda. Kwathu kuno usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13, ndipo wotchi yaikulu ndi mvula. Kufunda kwa ku Ulaya kukusunthira mbali imodzi, kufulumira chaka ndi chaka, ndiye mbalame ikhoza kukutsatira pang'onopang'ono. Mvula yathu ikuchita zina: ikugwa mwa njomba. Chaka chino yachedwa, chaka chamawa yayamba bwino n'kudula pakati, chaka chinacho yabwera yonse pakamodzi ngati mmene namondwe wa Freddy anachitira m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Dzinja lotsatira lomwelo El Niño anabweretsa ng'amba imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zimene mwaona pa atchete zikufanana ndi zimene makolo a ana anuwo anakumana nazo kumunda: kudzala ndi mvula yoyamba, mbewu n'kupserera, kudzalanso. Tchete amafuna udzu wautali wauwisi wolukira ndi tizilombo todyetsa ana. Zikachedwa, amadikira. Zikabwera n'kuzimirira, amasiya. Kwa ine kumeneko si kusokonezeka mutu koma nzeru, ndipo ubwino wa mbalame ngati tchete ndi woti imatha kuyesanso kawiri kapena katatu dzinja lisanathe. Vuto limabwera dzinja likafupika moti mpata woyesanso palibe.

Si mbalame zonse zathu zimene zimadikira mvula, ndipo ichi anthu ambiri sachidziwa. Pitani m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi tsamba mu Seputembala kapena Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chizimalupsa chisanagwe n'komwe. Mudzapeza mitengo itavala masamba atsopano ofiira, mbozi zili mbwee, ndipo mbalame zambiri za m'nkhalango zotere zili kale pa mazira. Zimenezi n'zimene zimafanana kwambiri ndi za ku Ulaya zija, poti moyo wawo wamangirika pa kuphuka kwa mtengo. Nkhwazi nayo imaswa m'nyengo yozizira ndi yopanda mvula, madzi atayera ndi kutsika, nsomba zikuoneka. Afulagombe ofiira aja amafika ku chigwa cha Luangwa ku Zambia cha mu Ogasiti ndi Seputembala, n'kuboola mauna m'magombe a mtsinje mazanamazana. Ayenera kutulutsa ana madzi asanakwere. Kwa iwo mvula yofulumira ndi yamphamvu ndiye mdani, pamene kwa tchete ndi dalitso. Ndiye munthu akakuuzani mwachidule kuti kusintha kwa nyengo kukuchedwetsa mbalame, mufunseni kuti mbalame yake iti.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine, kuposa kuchedwa kwa masabata awiri, ndi kutentha kwenikweniko. Ku chipululu cha Kalahari, kufupi ndi mtsinje wa Kuruman ku South Africa, anatsatira kuyambira 2008 mpaka 2019 mbalame ya mlomo waukulu wachikasu wopindika ngati nthochi, ya mtundu wa hornbill, msuweni wake wa nang'omba. Yaikazi imadzimatira m'mphako n'kusiya kamng'alu kakang'ono, yaimuna n'kumaipatsira chakudya pamenepo. Kukatentha kwambiri yaimuna imathera nthawi ili wefuwefu pamthunzi m'malo mosaka. M'zaka zimenezo zisa zotulutsa ana zinatsika kuchoka pa 58 kufika pa 17 pa 100 iliyonse, ndipo palibe chisa chimene chinatulutsa mwana pamene kutentha kwa masana kunkapitirira madigiri 35.7 tsiku ndi tsiku. Mbalameyi singathawire ku miyezi yozizira, chifukwa chakudya chimabwera ndi mvula ndipo mvula imabwera m'miyezi yotenthayo. Yapanikizika pakati. Aliyense amene anakhalapo ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti madigiri 40 si nkhambakamwa kumeneko, ndiye ndikamawerenga za Kalahari maganizo anga amathamangira ku chigwa cha Shire.

Za anamzeze, ana anuwo afunika kusiyanitsa magulu awiri, chifukwa dzina ndi limodzi koma mbalame n'zosiyana. Amene amamata zisa zadothi pansi pa denga la kalasi kapena pansi pa mlatho ndi athu a konkuno ku Africa. Ena ali ndi mizeremizere pachifuwa ndipo chisa chawo chili ndi kakhonde kolowera. Ena ali ndi kapewa kofiirira ndi timichira tiwiri tonga waya. Amenewa amafuna matope, ndiye pouma amachedwa kumanga. Koma amene amadzaza mawaya a magetsi kuyambira Okutobala ndi Novembala, ofiirira pakhosi, ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi Asia, ndipo saswa kuno ngakhale pang'ono. Amabwera kudzadya ndi kusintha nthenga, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Ndinagwirapo ambiri pa ntchito yoveka mbalame mphete. Ukamuika pa sikelo amalemera pafupifupi magalamu 20, ndipo m'dzanja umangomva kamtima kakugunda ngati wotchi yapamkono. Kanthu kameneko kamauluka makilomita pafupifupi 10,000 ulendo umodzi. Zinadziwika mu Disembala 1912, pamene namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, England, chaka cha 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa. Kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti anamzeze otere ankanyamuka kumpoto kwa South Africa masiku 8 msanga kusiyana ndi zaka 20 m'mbuyomo, zimene zikugwirizana ndi kufulumira kwa nyengo yoswera kwawo. Ndipo dzinja lathu limawakhudza: kuno kukauma, tizilombo touluka timachepa, amanyamuka ali owonda, n'kukafika mochedwa kapena osafika.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, Aphunzitsi, ngakhale chingakukhumudwitseni pang'ono. Zaka zitatu n'zochepa kuti tinene motsimikiza kuti izi ndi kusintha kwa nyengo. Mvula ya dziko lino inali yosinthasintha kuyambira kale. Nyanja ya Chilwa, yomwe ili pakhomo panupo, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Nthawi zonsezo mbalame za m'madzi zinabalalika n'kudzabweranso madzi atabwerera. A ku Wytham aja anatha kulankhula molimba mtima chifukwa anali ndi mabuku a zaka makumi angapo. Komanso kusintha kwa nyengo kwasanduka bulangete lofunditsa zolakwa zathu zina. Ndikukumbukira mtengo wina umene ndinkauyendera chaka ndi chaka, wodzaza atchete, pafupi ndi dambo. Chaka china ndinaupeza uli zii. Anthu a pamenepo anandiuza kuti ndi nyengo. Nditatsikira kudambo ndinapeza bango ndi nsenjere zonse zitasadzulidwa, palimidwa dimba mpaka m'madzi. Mbalamezo zikanaluka ndi chiyani? Musanaloze kumwamba, yang'anani kaye pansi: dambo lilipo? Udzu anautentha liti? Kumunda wapafupi akupopera mankhwala ophera mbozi? Anyamata a malegeni ndi ulimbo achuluka?

Chimene kalabu yanu ingachite n'chotsika mtengo kwambiri: kope limodzi lachikuto cholimba, losachoka pa sukulu ngakhale inu mutasamutsidwa. Ana azilembamo tsiku la mvula yoyamba ndi tsiku la mvula yodzalira, tsiku limene ngumbi zatuluka koyamba, tsiku limene aona tchete wamwamuna atavala chikasu chake chowala ndi nkhope yakuda, tsiku la chisa choyamba, tsiku limene amva ana akulira m'zisa, ndi tsiku limene anamzeze achilendo aja atera pa waya koyamba ndi komaliza. Loweruka lililonse kapena Lachisanu poweruka awerenge zisa zobiriwira, ataima patali. Mvula mungaiyeze ndi chitini chowongoka ndi rula. Chaka chimene sipanachitike kanthu alembenso kuti sipanachitike kanthu, poti anthu ambiri amaiwala kuti chimenecho nachonso ndi umboni. Asakwere mumtengo kukasuzumira mazira. Atchete akasokonezedwa kwambiri amasamuka, ndiye mudzalemba kusintha kwa nyengo pamene chinawathamangitsa ndi kalabu yomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana amene ali sitandade 5 lero adzakhala atamaliza sekondale kopelo lisanayambe kuyankhula zomveka, koma zolemba zotere, za malo amodzi kwa zaka zambiri, ndi zimene ofufuza amazisowa kwambiri kuno kwathu. A Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene amagwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu, angakuthandizeni kuzindikira mitundu ya mbalame ndi kulumikizana ndi anthu amene amaziwerenga.

Mwezi wa Okutobala mukhoza kuika phale la madzi pamthunzi, pamalo poti mphaka sangabisalire, n'kumasintha madziwo tsiku lililonse kuti udzudzu usaswane. Mthethewo musaudulire nthambi zisa zili momwemo, ngakhale phokoso litavuta pa nthawi ya mayeso.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kungolemba m'kope. Mukapeza mbalame zingapo zitafa malo amodzi, kapena zikudzandira ndi kupinda makosi, ana asazigwire, asazitengere kunyumba kukachita ndiwo, ndipo nkhuku zisayandikire. Dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, chifukwa chikhoza kukhala chimfine cha mbalame kapena poizoni. Mukaona mpheta zofiira milomo zija, zimene a zaulimi amati quelea, zikusonkhana miyandamiyanda m'bango pafupi ndi minda ya mpunga, uzani alangizi a zaulimi msanga. Zimenezi zimatsatira mvula ndi udzu wobereka, ndipo zimaswa paliponse pamene zapeza mpata. Anthu akamagwetsa mitengo ya zisa kapena kukokolola mazira m'dambo mopitirira muyeso, nkhaniyo ndi ya amfumu ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Ndipo mwana akadzabwera ndi mbalame ya kamphete kachitsulo kumwendo, kaya waitola yakufa kaya waigenda ndi legeni, musayambe n'kumukalipira, poti akangoopa kampheteko kakathera kuchimbudzi. Lembani manambala ndi zilembo zonse zimene zili pamenepo, tsiku ndi mudzi umene yapezeka, jambulani ndi foni, n'kutumiza ku bungwe la SAFRING la ku yunivesite ya Cape Town, limene limasunga kaundula wa mphete za mbalame kuchigawo chino cha Africa. Akaipeza m'kaundula amakuuzani kumene inavekedwa ndi tsiku lake, ndipo mwanayo akhoza kukaloza yekha malowo pa mapu a m'kalasi.